Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma ndi mafumu a ku Salima: nkhani ya kubereka musaisenzetse mayi yekha

Kwa olemekezeka Nduna ya Zaumoyo, Nduna yoona za amayi ndi ana, Bwanamkubwa wa boma la Salima, aphungu ndi makhansala athu, komanso inu mafumu athu, kuyambira kwa Mwanza, Khombedza, Makanjira, Kalonga, Maganga, Pemba mpaka kwa Ndindi,

Landirani moni wanga mwaulemu wonse. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito yolemera imene mwasenza m'malo mwathu. Ine ndine mayi wa kuno kunyanja. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ndipo pano ndimathandiza m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu ndiponso m'gulu la amayi loyang'anira atsikana pasukulu. Ndalemba poyera kuti amayi amene ndimakhala nawo pamkeka adziwe kuti madandaulo awo afika kwa eni ake, komanso kuti abambo athu amve nawo.

Chandilembetsa ndi ichi. Pa misonkhano ya chitukuko ndi pa wailesi timamva kawirikawiri kuti Amalawi tikuberekana kwambiri, minda yatha, mitengo yatha, nsomba zatha. Mawuwa akangotuluka, maso onse amatembenukira mbali imene kwakhala amayi obereka ana kumbuyo. Msonkhano ukatha, magalimoto amabwerera ku boma, ndipo mayi uja amabwerera ku nyumba kumene alibe mawu omaliza pa za mimba yake, ndi ku chipatala kumene mankhwala olerera lero alipo, mawa palibe.

Za kuchuluka kwa anthu sindikutsutsa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno, wa 2008 anapeza 13.1 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Salima yokha inali ndi anthu pafupifupi 480,000. Ife sitifunika kuuzidwa, timaziona: munda umene agogo ankalima okha lero wang'ambidwa zidutswa zisanu ndi chimodzi, ndipo malire ake amatha masabata a mfumu kuweruza. Koma pali ziwerengero zina zimene sizitchulidwa pamisonkhano ija. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikawerengera pakatikati. Wa 2015-16 anapeza 4.4. Amayi okwatiwa ogwiritsa ntchito njira zamakono zolerera anachoka pa 7 kufika pa 58 mwa 100 aliwonse. Zimenezi zachitika m'dziko limene mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma silinkalola ntchito za kulera, ndipo ndondomeko yoyamba ya chiwerengero cha anthu inabwera mu 1994. Amayi amva, ndipo achitapo mbali yawo. Kafukufuku wa 2015-16 yemweyo anasonyeza kuti amayi akanabereka ana okhawo amene ankawafuna, chiwerengero chija chikanakhala 3.4, ndiponso kuti amayi okwatiwa 19 mwa 100 aliwonse ankafuna kupumula kapena kusiya kubereka koma sanali pa njira iliyonse. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti chikuwaletsa n'chiyani. Ine ndinena zimene ndaona.

Choyamba, chimene chili chachikulu ngakhale sichilembedwa pa zikwangwani za kuchipatala, ndi kusaka mwana amene sanabadwe. Mabanja ambiri amene ali ndi ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri sanakhale pansi n'kugwirizana chiwerengero chimenecho. Ankafuna wamwamuna ndipo ankangobwera aakazi, kapena ankafuna wamkazi ndipo ankangobwera aamuna.

Kuno ku Salima mayi amapanikizika mbali zonse ziwiri, chifukwa tili ndi chikamwini komanso chitengwa, nthawi zina m'mudzi umodzi womwewo. Kwa a chikamwini, mwana wamkazi ndiye amakulitsa mbumba. Mayi akabereka anyamata okhaokha, amayi ake enieni ndi azakhali amamuuza kuti mudzi watha, anyamatawa adzapita kukamanga midzi ya eni, munda udzatsala ndi ndani, ndipo iwe ukadzakalamba adzakusambitsa ndani. Kwa a chitengwa, ndiponso kwa bambo amene ali ndi boti, injini ndi chilimira kapena wagula malo pa msika, funso limatembenuka: katunduyu adzagwira ndani, dzina langa lidzatsala ndi ndani. Mayi amene akumva mawu amenewa pakhomo pake sangasinthe maganizo chifukwa cha nyimbo imene wayimba ku sikelo.

Mayi wina amene timagulitsa naye usipa anali ndi ana aakazi anayi. Anapita kukaikitsa kachipangizo ka pamkono mwakachetechete. Amuna ake atakakhudza usiku wina, panalibe ndewu, anangonena kuti ngati sakufuna kuwaberekera mwamuna, alipo ena amene angathe. Mawu a mitala amenewo anakwanira. Anakachotsetsa, anatenga pathupi, anabereka wamkazi wachisanu, ndipo anataya magazi mpaka tinkayesa kuti tamutaya. Lero ali woyembekezeranso. Wina, wa mbali ya kumtunda, ali ndi anyamata okhaokha. Amuna ake anavomera kale kuti akatseke, koma amene akukana ndi amalume ake, eni mbumba. Ndipo pali ambiri amene buku lawo la kuchipatala silikhala m'nyumba mwawo. Limakhala kwa mnansi, lokulungidwa mu pepala la pulasitiki pansi pa thumba la mpunga. Tsiku la jakisoni likakwana amabereka mwana kumbuyo ngati akupita ku sikelo ya ana, amadzera kwa mnansi uja kutenga buku, ndipo pobwerera amalisiyanso komweko. N'chifukwa chake amayi ambiri amasankha jakisoni wa miyezi itatu: sasiya chizindikiro chimene munthu angachikhudze.

Chondiwawa n'chakuti mayi amaimbidwa mlandu pa chinthu chimene sichichokera kwa iye. Dzira la mayi nthawi zonse limakhala ndi kanthu kamene asayansi amakatcha X. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X (wobweretsa mwana wamkazi) kapena Y (wobweretsa wamwamuna), ndipo imene yayamba kufika ndiyo imachititsa kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna. Ngakhale bamboyo sasankha. Mimba iliyonse mwayi umakhala pafupifupi theka ndi theka, ngakhale patsogolo pake pabadwe atsikana anayi. Palibe mtsitsi wa sing'anga umene umatembenuza zimenezi, ngakhale amayi akutaya ndalama za usipa kuufunafuna. Mfundo imeneyi ana amaiphunzira ku sekondale, koma sindinaimvepo ikunenedwa pabwalo la mfumu, abambo ndi apongozi ali pomwepo. Ikananenedwa momveka bwino ndi munthu wovala yunifomu ya chipatala, mabanja ena sakanatha.

Musaganize kuti anthu amene amafuna mwana wakutiwakuti ndi osazindikira. Akuwerengera za mawa. Munthu wa kumudzi alibe penshoni, Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ochepa, ndipo amene adzakudyetse ukadzafooka ndi mwana wako. Agogo amene amati berekani ambiri anaika ana m'manda ndi manja awo: mu 1992, ana 234 mwa 1,000 aliwonse ankamwalira asanakwane zaka zisanu, pamene pofika 2015-16 anali 63. Malangizo awo amachokera pa chilonda, ndipo ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Koma chimene chimachititsa kuti mwana mmodzi aoneke wolemera kuposa mnzake ndi malo ndi chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, aamuna ndi aakazi mofanana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Nanga ndi angati pa gombe amadziwa kuti mwana wamkazi angathe kulandira boti la bambo ake, n'kulemba asodzi ntchito? Tikuonabe achibale akubwera maliro asanathe n'komwe, kunyamula injini ndi maukonde ponena kuti panyumbapa palibe mwamuna. Bambo aliyense woonerera zimenezo amapita kunyumba atatsimikiza mtima kuti iye sadzafa wopanda mwana wamwamuna.

Chachiwiri ndi mankhwala. Mayi walimba mtima, wabisa buku, walipira kabaza kapena wayenda wapansi dzuwa la kuno likuswa mtengo, wakhala pamzere mpaka masana, kenaka akuuzidwa kuti jakisoni watha, abwere mwezi wamawa. Jakisoni ali ndi nthawi yake, sadikira. Ena amapatsidwa mapiritsi m'malo mwake, koma mapiritsi amamwedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mayi wobisa awasunga pati? Pa chipatala china chaching'ono chimene amayi a kwathu amapitako, izi zachitika kangapo, ndipo ana obadwa chifukwa cha "bwerani mwezi wamawa" tikuwadziwa. Sindikuloza chala anamwino. Ambiri amagwira ntchito mpaka kutopa, ndipo sangapereke chimene sichinabwere.

Vuto lina ndi kuchotsa. Kuika kachipangizo ka pamkono kapena lupu kumachitika msanga, makamaka gulu loyendayenda likabwera. Koma mayi akayamba kusamba mosalekeza, kapena akafuna mwana, amauzidwa kuti wodziwa kuchotsa kulibe, kapena zipangizo palibe, apite ku boma. Mayi mmodzi wotere akafotokozera anzake pa mjigo, amayi makumi awiri amaopa. Mphekesera zakuti kulera kumaumitsa chiberekero zimakula chifukwa palibe amene anakhala pansi ndi mayiyo kumuuza zimene thupi lake lingachite ndi kumene angapite zikachitika.

Tonse tikudziwa kuti mankhwala olerera ambiri m'dziko muno akhala akugulidwa ndi ndalama za mayiko ndi mabungwe otithandiza. Mu 2025 boma la America linadula thandizo lochuluka limene linkadzera ku USAID, ndipo ife a kumudzi tinazimva pamene maulendo ena a zipatala zoyendayenda anayamba kudumphadumpha. Ngati nkhani ya chiwerengero cha anthu ili pamtima pa masomphenya a Malawi 2063, iyenera kuoneka mu bajeti yathu, ndi ndalama zathu. Kumene mwachita bwino ndikuyamikani: jakisoni wodzibaya wekha wa Sayana Press, amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi, wapulumutsa ambiri ku maulendo ataliatali. Chofunika n'chakuti azipezeka.

Pali kanthu kenanso kamene kamabweza amayi pakhomo la chipatala, ndiko funso lakuti "amuna anu ali kuti?" Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena momveka kuti wogwira ntchito zaumoyo apereke chithandizo cha kulera kwa aliyense wochifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya wabwera yekha. Cholinga cholimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo n'chabwino. Koma chikasanduka chiphaso cholowera, wolangidwa ndi mayi amene mwamuna wake ali panyanja, ali ku Johannesburg, kapena ndi yemweyo amene akumuletsa.

Chachitatu ndi atsikana. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pathupi, ndipo 42 mwa 100 a amayi achitsikana anakwatiwa asanakwane zaka 18. Malamulo alipo. La maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18. Kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma pitani mukaone kumene atsikana a sekondale zoyendera amagona: timanyumba ta lendi kuseri kwa msika, chitseko chotsekera ndi msomali wopinda, ufa ukatha pakati pa mwezi palibe wowafunsa. Nyengo imene usipa wagwa, ndalama zimayenda m'manja mwa anyamata ndi abambo a pagombe, ndipo mtsikana wanjala sakhala ndi mphamvu zokana. Pakhomo ndalama zikachepa, woyamba kuuzidwa kuti adikire chaka chamawa amakhala mtsikana. Anyamata nawonso nyanja imawakoka akadali ku pulayimale, ndipo mnyamata wa zaka 17 wogwira ndalama amadziona kuti wakwana kukwatira. Kafukufuku yemweuja amasonyeza kuti amayi amene sanapite kusukulu amabereka ana oposa asanu, pamene amene anapitirira sekondale safika atatu. Chipinda chogona atsikana pa sekondale imodzi chingachite zambiri kuposa misonkhano khumi. Ndipo mafumu athu mukudziwa zimene Mfumu Kachindamoto inachita kwa anansi athu a ku Dedza, kuthetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa nyakwawa zimene zinkawavomereza. Mphamvu imeneyo inunso muli nayo.

Chachinayi ndi abambo, ndipo pano ndilankhule ndi inu eni nthaka. Pa chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira, usodzi umatsekedwa miyezi ya dzinja chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane ndi kukula. Lamulo limeneli ndi la mfumu ndi anthu ake, lakhalapo zaka zambirimbiri, ndipo asodzi amalimvera chifukwa amaona phindu lake chilumba chikatsegulidwa. Abambo omwewo amene amadziwa kupumitsa nyanja angamvetse kuti thupi la mayi limafunanso kupuma, kuti kutumbiza kumafooketsa mayi ndi mwana yemwe. Vuto n'lakuti palibe amawauza kumene iwo ali. Uphungu wa kulera umaperekedwa ku sikelo, m'mawa, nthawi imene msodzi wangotsika m'boti ndipo akugona. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza amayi okwatiwa 11 mwa 100 atatseketsa, pamene abambo otseketsa sanafike ngakhale mmodzi mwa 100. Chikhalirecho kutseka kwa abambo n'kosavuta kuposa kwa amayi, kumatenga mphindi zochepa ndipo sikuchotsa mphamvu za m'nyumba. Abambo ambiri sanamvepo zimenezi kuchokera kwa mwamuna mnzawo.

Ndisanafike pa zopempha, ndichenjezeko pa maganizo amene ndimawamva kwa ena, akuti pakhale lamulo loika malire a ana, kapena chindapusa kwa wopitirira. Chonde musatitengere kumeneko. Dziko la China linayesa lamulo la mwana mmodzi kuyambira cha m'ma 1980 mpaka 2015. Popeza mabanja ankafuna mwana wamwamuna, mimba za ana aakazi zinkachotsedwa, mpaka zinafika poti pa atsikana 100 obadwa pankabadwa anyamata pafupifupi 118. Lero dzikolo likupempha anthu ake kuti abereke atatu. India inachita kukhazikitsa lamulo mu 1994 loletsa kuuza makolo ngati mwana wa m'mimba ndi wamwamuna kapena wamkazi, chifukwa cha vuto lomwelo. Kwathu kuno sitinafike pamenepo, ndipo tisafikepo. Mukachepetsa chiwerengero mokakamiza musanathetse kusankha ana, amene amalipira ndi mwana wosafunidwayo ndi mayi ake. Tinaonanso ndi chindapusa cha mbuzi kwa oberekera pakhomo: wolipira amakhala mayi wosauka amene analibe ya kabaza, ndipo ena amabisa khanda m'nyumba osapita nalo ku sikelo poopa mlandu.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Boma liike ndalama zake zokwanira zogulira mankhwala olerera, ndipo khonsolo ya Salima izipachika pa chipatala chilichonse, mwezi ndi mwezi, mndandanda wa njira zimene zilipo ndi zimene zatha, kuti makomiti a zaumoyo a m'midzi adziwe chofunsa ndi wofunsidwa.

2. Pa chipatala chilichonse chimene chimaika kachipangizo ka pamkono kapena lupu pakhale munthu wodziwa kuchotsa ndi zipangizo zake. Mayi asatumizidwe ku boma pa ndalama zake chifukwa cha chinthu chimene anamuikira pakhomo pake. Kumene chipatala chapafupi n'cha mpingo umene chikhulupiriro chake sichilola njira zina, boma lifikeko ndi chipatala choyendayenda pa tsiku lodziwika, losasinthasintha.

3. Ofesi ya zaumoyo ikumbutse onse ogwira ntchito, polemba, kuti mayi wobwera yekha asabwezedwe ndipo asafunsidwe kalata ya mfumu.

4. Mafumu, pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, muitanitse mabwalo a abambo, ankhoswe, amalume ndi apongozi. Achitikire pagombe masana asodzi atadzuka, pa bawo, pa mpira, ndiponso mogwirizana ndi mashehe ndi abusa akatha mapemphero. Zinenedwe poyera kuti mayi sasankha mwana amene wabereka, ndipo nkhoswe imene yamva mwamuna akuopseza mitala chifukwa cha ana aakazi iziona kuti umenewo ndi mlandu wofunika kuukhalira pansi.

5. Lamulo la chuma cha masiye lifotokozedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao pa wailesi za m'madera ndi pamaliro pomwe, chuma chisanagawidwe. Polembetsa malo, ana aakazi ndi aamuna alembedwe mofanana, kaya ndi ku chikamwini kaya ku chitengwa. Wolanda boti kapena munda wa ana amasiye aonekere ku khoti, anthu aone kuti lamulo lili ndi mano.

6. Ndalama za chitukuko cha m'madera zimene zimadzera kwa aphungu ndi khonsolo ziyambe zamanga zipinda zogona atsikana pa sekondale zoyendera za m'mbali mwa nyanja. Mphunzitsi wamkulu aliyense azipereka ku komiti ya sukulu chiwerengero cha atsikana amene anachoka ndi pathupi ndi amene abwerera.

7. Malamulo a m'midzi olipiritsa amayi chindapusa pa nkhani za uchembere aunikidwenso. Ngati chilango chikufunika, chipite kwa wokwatira mwana ndi wovomereza ukwatiwo.

Zina mwa izi zimafuna ndalama za ku Lilongwe, ndikudziwa. Koma zopempha za nambala 3, 4 ndi 7 sizifuna ngakhale lita imodzi ya mafuta. Zingayambe mwezi uno ngati Bwanamkubwa ndi mafumu mutagwirizana. Tikupempha kuti yankho lanu lidzaperekedwe pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'madera a mafumu, kumene ife tingafike wapansi, ndipo amayi a m'magulu athu adzapatsidwe mpata wolankhula okha. Amene mwawerenga kalatayi pa foni, chonde iwerengereni amfumu a kwanu, ankhoswe anu ndi abambo a pagombe amene sakhala pa intaneti.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi,
m'mbali mwa nyanja, Salima.